Kachipangizo kanaonetsa malungo, koma mwana wanga ankadwala chibayo

Ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ya pulayimale m'boma lina la m'mphepete mwa nyanja. Kuno udzudzu sutha ngakhale m'chilimwe, ndipo kuyambira Januwale mpaka Epulo kalasi langa silidzaza. Njira ya kuchipatala ndimaidziwa bwino. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinachimva mwana wanga ali kale gone pabedi la m'chipatala, ndipo amayi ambiri amene ndimacheza nawo sanachimvepo. Munthu akamaliza kumwa mankhwala a malungo a LA, kachipangizo koyezera malungo kaja kangathe kumaonetsabe mizere iwiri yosonyeza malungo kwa masabata angapo, tizilombo titafa kale. Thupi likatenthanso m'nyengo imeneyo, mizere iwiriyo payokha siingatiuze chimene chikumudwalitsa mwanayo.

Wodwalayo anali mzime wanga, ali ndi zaka zitatu.

Ulendo woyamba zonse zinayenda mmene ziyenera kuyendera, ndipo ndiufotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndi umene ndimayezerapo maulendo ena onse. Tinalawirira pa kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha boma cha kwathu kuno. Tisanalowe kwa adokotala, mwana anamukweza pasikelo n'kulemba makilo ake m'buku la kuchipatala. Adokotala anandifunsa tsiku limene thupi linayamba kutentha, ngati akusanza, ngati akutha kumwa madzi, ngati anakomokapo. Anamutambasula zikhatho ndi kumutsitsa chikope kuti aone ngati magazi achepa. Kenako anatitumiza koyeza. Mnyamata wa kumeneko anang'amba paketi yatsopano ine ndikuona, analemba dzina la mwana ndi nthawi pakachipangizo, anapukuta chala, kubaya, kuika kadontho ka magazi ndi madontho a timadzi ta m'kabotolo kakang'ono. "Mayi, khalani kaye panja, tikuitanani."

Kudikira kumeneko si ulesi wa ogwira ntchito. Kachipangizoka kamafuna mphindi 15 kapena 20 malinga ndi mtundu wake. Ukakawerenga msanga, mzere wachiwiri ungathe kukhala usanatuluke, munthu wa malungo n'kuuzidwa kuti alibe. Mzere wa pachilembo cha C ndi wosonyeza kuti kachipangizo kagwira ntchito. Ukatuluka wokha, malungo sanapezeke. Ikatuluka iwiri, apezeka. Wa pa C ukapanda kutuluka, kachipangizoko n'kowonongeka ndipo ayenera kuyezanso. Muli ndi ufulu wopempha kuti muone nokha. Ine anandionetsa ndisanapemphe: mizere iwiri, yooneka bwino.

Pawindo la mankhwala anayang'ana makilo, osati zaka. LA amaperekedwa potengera kulemera kwa thupi. Mwana wa makilo 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa makilo 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira makilo 35 ndi mapiritsi anayi. Wanga anali ndi makilo 13. Piritsi loyamba analisungunula m'timadzi, mwana anamwera pomwepo iwo akuyang'ana. Anandiuza kuti lachiwiri amwe pakatha maola 8, ndipo anandiwerengera nthawi yake kuti ndisasokoneze. Masiku awiri otsatira, m'mawa ndi madzulo. Zonse pamodzi kumwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu. Anawonjezera kuti azimwa atadya kanthu kokhala ndi mafuta, monga mkaka kapena phala lothira nsinjiro, chifukwa mankhwalawa salowerera bwino m'thupi m'mimba muli mbee. Akasanza pasanathe mphindi 30, amwenso lina, ndipo ndibwere ndidzatenge lolowa m'malo.

Ndinachita zonsezo, mwana anachira, anayambanso kuthamangitsa nkhuku za apongozi.

Mwezi usanathe, thupi linatenthanso. Ulendo uno panali ndi chifuwa, ndipo chakudya ankachikankha. Linali Lolemba, anthu atadzaza khonde mpaka pansi pa mtengo wa mango. Adokotala a ulendo woyamba aja kunalibe. Analipo ena, okhaokha. Sikelo inali pakona koma palibe amene ankakwezedwapo. Aliyense wonena kuti thupi latentha ankangomulozera koyeza, asanalowe n'komwe m'chipinda cha adokotala. Mizere inatulukanso iwiri, wachiwiriwo wooneka mozimiririka.

"Adokotala, mwanayu wangomaliza kumene LA, zalembedwa m'bukumo. Komanso akutsokomola."

"Ndiye kuti simunamumwetse bwino, mayi. Kapena sagona m'neti. Akamwenso. Wotsatira!"

Bukulo sanatembenuze tsamba kuti aone za m'mbuyo. Malaya a mwana sanawavule. Ndinatuluka ndi LA wina ndi panado, ndipo piritsi loyamba anamwa masana omwewo.

Kunyumba apongozi anati, "Malungo a chaka chino ndi amakani. Mukanamugulira Fansidar, ife ana onsewa tinalera ndi ameneyo." Ndinangoti tione kaye. Kutada, mwana anayamba kupuma mothamanga. Nditamuvula malaya ndinaona kuti akamakoka mpweya, m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati. Mphuno zinkatukuka. Bambo ake sananene zambiri, anangotuluka kukadzutsa mnyamata wa njinga yamoto, ndipo usiku womwewo tinali panjira yopita kuchipatala chachikulu cha paboma.

Namwino amene tinamupeza pakhomo la ana sanatiuze kuti tikhale pamzere. Anangomuyang'ana mwanayo, n'kundigwira padzanja kulowa naye mkati. Ndinamva pambuyo pake kuti imeneyo ndi ndondomeko yophunzitsidwa, yotchedwa ETAT, yosankha mwana wodwalitsitsa kuti athandizidwe mwamsanga posayang'ana amene anabwera poyamba, ndipo kuti inakonzedwa kuno ku Malawi konkuno mayiko ena asanaitengere. Anayang'ana wotchi n'kuwerenga mapumidwe ake kwa mphindi yathunthu. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kupitirira pamphindi imodzi, ndiye kuti akupuma mothamanga. Wa miyezi iwiri mpaka chaka, malire ake ndi 50. Wanga anapitirira kutali. Anamupana kachipangizo kena pachala koyeza mpweya wa m'magazi, n'kumuika timapaipi ta oksijeni m'mphuno.

Adokotala atafika anatenga buku lija n'kuwerenga kuyambira ulendo woyamba. Anamvetsera m'chifuwa kutsogolo ndi kumsana. Anatenga magazi, osati a pakachipangizo, koma opaka pagalasi kuti akawaone pamaikulosikopu ku labu. Zotsatira zitabwera, tizilombo ta malungo sitinaoneke. Ndinawakumbutsa kuti mwana wamwa piritsi limodzi la LA masana. Anati alidziwa, ndipo n'chifukwa chake ayezanso m'mawa, koma kawirikawiri piritsi limodzi silisesa tizilombo tonse m'maola ochepa chonchi ngati ndi timene tamugwetsa mwana chotere. M'mawa mwake galasi lachiwiri linalinso loyera. Chinali chibayo.

Ndinawafunsa kuti nanga kachipangizo kaja kananama? Anakhala pampando n'kundifotokozera, ndipo ndimawathokozabe chifukwa cha mphindi zimenezo. Anati kachipangizo kambiri kamene timagwiritsa ntchito m'dziko muno sikaona kachilombo kenikeniko. Kamafufuza chinthu china chimene kachilombo ka malungo kamatulutsa m'magazi, chotchedwa HRP2, ndipo chimenechi chimachedwa kutha m'thupi. "Zili ngati fungo la utsi m'zovala, mayi. Moto unazima kalekale koma fungo lilipobe." Chingathe kukhala masabata awiri, atatu, ena mpaka kupitirira mwezi. Choncho malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu akabwereranso ndi kutentha thupi pasanathe masiku 28 chimwereni mankhwala a malungo, magazi ake aonedwe pamaikulosikopu. Tizilombo tikapezeka, ndiye kuti mwina mankhwala oyamba sanagwire, ndipo sabwereza omwewo, amapereka amtundu wina. Tikapanda kupezeka, afufuze matenda ena: chibayo, mafinya m'khutu, zilonda zakukhosi, matenda a m'njira ya mkodzo, taifodi, ngakhale matenda oumitsa khosi.

Apa m'pamene pali vuto lenileni. Chipatala chathu chaching'ono chilibe maikulosikopu, ndipo zipatala zing'onozing'ono zambiri zakumudzi zili chimodzimodzi. Makinawo amafuna magetsi, mankhwala opakira magalasi, ndi munthu wophunzira ntchito ya mu labu. Sindikanayembekezera kuti adokotala a Lolemba lija ayeze ndi chida chimene alibe. Koma kuvula mwana malaya sikufuna magetsi. Kuwerenga mapumidwe kumafuna wotchi ndi mphindi imodzi. Kutembenuza tsamba la buku sikufuna ndalama za boma. Akanaona kuti LA wamwedwa posachedwa, akanatilembera kalata yotitumiza kumene kuli labu. Ndikudziwa kuti munthu mmodzi poona khamu ngati lija mutu umaima, ndipo sindikuti ndi munthu woipa. Chimene ndinaona n'chakuti kachipangizo kaja, kamene kanabwera kudzathandiza adokotala kuganiza, tsiku limenelo kanaganiza m'malo mwawo.

M'wodi ya ana tinakhalamo mpaka jakisoni wa chibayo atagwira ntchito, ndipo m'menemo ndinaona malungo enieni oopsa. Pabedi loyandikana nafe panali mtsikana wamng'ono amene anabwera ali chikomokere, maso ali gwa. Namwino ankabwera pafupipafupi, kuyendetsa dzanja patsogolo pa nkhope yake kuti aone ngati maso akutsatira, kumukanikiza pachikhadabo kuti aone ngati achotsa dzanja ndiponso ngati alira, kenako n'kulemba nambala. Muyeso umenewu umafika pa 5 mwana akakhala kuti watsitsimuka bwino, ndipo madokotala padziko lonse amautchula ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Scale, chifukwa anaukonza ndi madokotala awiri ofufuza za malungo ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, m'zaka za m'ma 1980. Mtsikanayo ankalandira jakisoni wa mumtsempha wa artesunate, mankhwala a malungo oopsa: woyamba atangofika, wachiwiri patatha maola 12, wachitatu patatha maola 24, ndipo atayamba kumeza anamupatsa LA wathunthu. Kale pamenepa pankaikidwa diripi ya kwinini. Anamuyezanso shuga, chifukwa malungo oopsa amatsitsa shuga m'thupi la mwana, ndipo anamuwonjezera magazi.

Mayi ake anandiuza kuti kwawo n'kutali kwambiri ndi chipatala. Mwana atayamba kukomoka anathamangira kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwawo, amene anamuika mankhwala a artesunate kumalo ochitira chimbudzi, kulemba kalata, n'kuwauza kuti asabwerere kunyumba ngakhale mwana aoneke ngati wapezako bwino. Mankhwala amenewo si ochiza, ndi ongogwiriziza mwana panjira. Alangizi a zipatala zam'midzi amaona ana osapitirira zaka zisanu, ndipo amakhala ndi zoyezera malungo, LA, amokisilini wa chibayo, thanzi ORS ndi zinki. Amaphunzitsidwa kuwerenga mapumidwe a mwana aliyense wotsokomola. Nditamva zimenezo ndinaseka chamumtima, poganiza kuti mwina mwana wanga akanaonedwa bwino pansi pa mtengo m'mudzi kusiyana ndi m'chipinda cha adokotala tsiku lija.

Zizindikiro zoti musadikire kuti kuche ndi izi: kukomoka, kugona osadzuka kapena kufooka mpaka kulephera kukhala tsonga, kusanza chilichonse, kulephera kumwa kapena kuyamwa, kupuma movutika, zikhatho zoyera mbuu, maso achikasu, mkodzo wakuda kwambiri. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kudzutsa wa njinga.

Palinso mbali ina ya nkhaniyi imene ikukhudza ife odwala. Kachipangizo kakaonetsa mzere umodzi, anthu ambiri kuno amatuluka atakwiya. "Angondipatsa panado, thupi ndi langa, ndikudziwa kuti ndi malungo." Ndipo amapita kukagula LA kwa ogulitsa mankhwala mwamseri. Mnzanga wina wa pasukulu pathu amachita zimenezi chaka ndi chaka. Ndimamukumbutsa kumene tachokera. Tinali ndi kolokwini, tinamumwa pa mutu uliwonse wopweteka mpaka anasiya kugwira ntchito, ndipo mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Fansidar wa apongozi anga masiku ano ntchito yake ndi yoteteza amayi oyembekezera kusikelo, osati kuchiza mwana wodwala. Mu 2010 WHO inalangiza kuti aliyense ayezedwe kaye asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo timazipangizo iti tinafalikira m'zipatala zathu mu 2011. Pano kumayiko ngati Rwanda ndi Uganda ofufuza apeza kale tizilombo timene tikuchedwa kufa ndi artemisinin, amene ndi msana wa LA. Kumwa LA wopanda malungo, kapena kusiyira panjira kuti mapiritsi otsala adzathandize wina, ndi kuitana vuto lomwelo kuno. Komanso mzere umodzi usakhale mapeto a ulendo. Funsani kuti, "Ngati si malungo, ndiye n'chiyani? Ndibwerenso liti akapanda kusintha?" Safunsa anadya phula.

Nyengo ya mvula yotsatira ndinapita ndi mwana wanga wachisamba n'kupeza kuti zoyezera zatha. Tsiku lina zoyezera zilipo koma LA wa ana aang'ono kulibe, akudula mapaketi a akuluakulu. Zikatere funsani kuti akuwerengereni bwinobwino mapiritsi a makilo a mwana wanu, ndipo alembe m'buku. Mankhwala a m'zipatala za boma ndi aulere, koma ambiri a malungo, pamodzi ndi zoyezera ndi maneti, akhala akugulidwa ndi thandizo lakunja, makamaka la bungwe la Global Fund ndi boma la America. Boma la America litaimitsa thandizo lambiri kumayambiriro a 2025, ambiri tinagwira m'mimba. Zoyezera zikatha, ine ndimalolera kulipira kuchipatala cha mishoni kuti magazi aonedwe, ngati ndalama ilipo ndipo mwana sali pangozi. Ndikudziwa kuti si aliyense angakwanitse. Akakuuzani kuti mukagule mankhwala, pitani kufamase yovomerezeka, onani tsiku lotha ntchito papaketi, ndipo mukaona chidindo chosonyeza kuti ndi katundu wa boma, dziwani kuti akukugulitsani mankhwala amene munayenera kulandira ulere pawindo paja.

Katemera wa malungo nayenso asatipusitse. Malawi ndi imene inayamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya zikutsatira, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma amangochepetsa chiopsezo, satseka khomo. Mwana wobayitsa katemera onse anayi agonebe m'neti, ndipo thupi likatentha akayezedwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Masiku ano ndikalowa kwa adokotala, buku ndimalipereka nditatsegula kale patsamba la ulendo wapitawo, chala chili pa deti. Mawu anga oyamba amakhala onena tsiku limene mwana anamaliza LA, ndisananene n'komwe za kutentha thupi. Ngati akutsokomola, malaya ndimamuvula ndekha tili pamzere. Ngati sanamukweze pasikelo, ndimapempha mwaulemu. Sindinakanizidwepo. Ogwira ntchito ambiri amasintha nkhope akaona kuti mayi akudziwa chimene akufunsa, ena mokondwa, ena monyinyirika, koma amachita.

Mwana atatuluka m'chipatala ndinakafotokoza nkhaniyi kwa mmodzi wa akomiti yoyang'anira chipatala chathu, bambo wina wachikulire amene timapemphera naye. Sindinapite kukaneneza munthu. Ndinapempha zinthu ziwiri: kuti ana aziyamba aonedwa ndi adokotala asanatumizidwe koyeza, ndiponso kuti wobaya chala azifunsa ngati wodwala wamwa LA mwezi umenewo. M'zipatala zikuluzikulu za boma mulinso ofesi yolandira madandaulo a odwala, imene amaitcha ombudsman wa pachipatala, koma kwa ife akumudzi komiti ndi imene ili pafupi. Anaitengera nkhaniyo kumsonkhano wawo. Chachiwiricho chinatheka, ndamva ndi makutu anga mnyamata wa koyeza akufunsa funsolo. Choyamba chimatheka Lachitatu kapena Lachinayi anthu akachepa. Lolemba, m'miyezi ya mvula, mzere umapitabe koyeza kaye, ndipo maikulosikopu yapafupi ikadali paboma.